Solvent ya TLC: musangothira mwachizolowezi

TLC (thin-layer chromatography) ndi njira yopatulira mankhwala osakanikirana: mumaika kadontho ka sampulo pa pleti, kenako solvent, yomwe ndi mankhwala amadzimadzi osungunulira, imakwera pa pletiyo itanyamula mankhwalawo. Silica, ufa wopakidwa pa pleti ya TLC, ili ndi polarity yokwera, choncho imakakamira mankhwala okhala ndi magulu a OH kapena NH. Ntchito ya solvent ndi kulimbirana nayo mankhwalawo. Ikakhala yofooka ngati hexane, kadontho kamangokhala phee pamzere woyambira. Ikapyola mphamvu ngati methanol, zonse zimathamangira pamwamba limodzi osapatukana.

Yambani ndi hexane ndi ethyl acetate pa 4:1, ndipo muzifuna Rf (mtunda umene kadontho kayenda, kugawa ndi mtunda umene solvent yayenda) ya pafupifupi 0.3. Kadontho kakapanda kukwera, pitani pa 7:3, kenako 1:1. Zikakanikabe, sinthani: dichloromethane ndi methanol pa 95:5. Methanol muziwonjezera pang'onopang'ono, chifukwa kadontho kamene kanali pansi kamatha kulumphira pamwamba mwadzidzidzi.

Mukaona mchira m'malo mwa kadontho kozungulira, choyamba chepetsani mphamvu ya sampulo poithira solvent, mwina mwachulutsa. Ukapitirira, thirani 1% ya acetic acid ngati mankhwalawo ndi asidi, kapena 1% ya triethylamine ngati ndi amine.

Mzere jambulani ndi pensulo, sentimita imodzi kuchokera pansi. Inki ya bolopeni imakwera nawo. Solvent isapitirire theka la sentimita m'botolo loimikamo pleti, apo ayi sampulo imasungunukira momwemo.

Chimene ambiri amachipeputsa kuno ku Harare ndi chivundikiro. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo dichloromethane, yomwe imawira pa 40°C m'mphepete mwa nyanja yamchere, kuno imawira isanafike pamenepo. M'kutentha kwa Okutobala, botolo losatseka limasintha muyeso wa solvent yanu pleti isanathe. Ikanimo pepala losefera, tsekani, dikirani mphindi zisanu, kenako lowetsani pleti.