Mbumba, mfunda, fuko: mawu okana kulowa m'mizere iwiri

Pa phunziro la kalembedwe ka mtanthauziramawu tapatsidwa ntchito yolemba matanthauzo a mawu onena za magulu a anthu, m'Chichewa chokhachokha, tanthauzo lililonse lisapyole mizere iwiri. Aphunzitsi aletsa chinthu chimodzi: kutanthauzira liwu ndi mnzake n'kusiyira pomwepo. Ukalemba kuti fuko ndi mtundu, kenako pa mtundu n'kulembapo kuti ndi fuko, wowerenga wangomuzunguza mutu basi.

Liwu loti mtundu lili ndi katundu wambiri koma silivuta kwenikweni. Pali mtundu wa nsalu, mtundu wa chimanga, mtundu wa Ayao, mtundu wa Amalawi umene pulezidenti amalankhula nawo pa wailesi, komanso amitundu a m'Buku Lopatulika, kutanthauza anthu osakhala Ayuda. Umangondandalika matanthauzowo ndi manambala. Fuko nalonso chimodzimodzi: mafuko 12 a Israyeli ndi zidzukulu za kholo limodzi, pomwe nyimbo ya fuko timayimba tonse, Mtumbuka ndi Msena yemwe.

Mavuto amayambira pa mbumba. Kwa Achewa ndi Ayao, mbumba ya mwamuna ndi alongo ake pamodzi ndi ana awo. Ana obereka yekha si mbumba yake ayi, ndi ya mlamu wake. Izi zimaoneka bwino pamaliro kumudzi. Mwana akamwalira, bambo wake amakhala pansi chete, mutu atazolika, ndipo amfumu akafunsa kuti mwini mbumba ali kuti, amene amadzuka n'kuvula chipewa ndi malume. Ndiye amafotokoza mmene matenda anayendera, ndiyenso amagwirizana ndi amfumu ndi adzukulu za kumanda. Koma pitani ku Ndirande kapena ku Area 25 mukamve bambo akunena kuti "ndikusaka chakudya cha mbumba yanga": iyeyo akunena mkazi wake ndi ana ake. Palinso tanthauzo lachitatu lomwe agogo athu salisowa, la mbumba za Kamuzu, amayi ovala nsalu ya chipani omwe ankavina pamisonkhano, mwini wake akudzitcha Nkhoswe Nambala Wani. Mnzanga wina m'kalasi akuti lachitatuli lichotsedwe poti linatha ntchito. Ine ndakana. Wowerenga nyuzipepala zakale adzalifuna, ndipo mtanthauziramawu si wa anthu a lero okha.

Mfunda ndiye wandiphunzitsa zambiri. Maganizo ofulumira amati mfunda ndi kagawo ka mtundu, ngati kuti Achewa agawika mwa a Banda, a Phiri, a Mwale, a Mbewe ndi a Nkhoma, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma a Phiri aliponso pakati pa Atumbuka, Atonga ndi Ansenga a ku Zambia. Mfunda umadumpha malire a mtundu, choncho sungalembedwe ngati mwana wa mtundu. Chinanso, masiku ano Mchewa amatenga mfunda wa bambo ake, pamene munda ndi ufumu zimatsata kuchikazi. Munthu mmodzi yemweyo akhoza kuyitanidwa kuti Naphiri chifukwa cha bambo ake, koma pa mlandu wa malo n'kuwerengedwa m'bere la agogo ake aakazi omwe anali Nabanda. Liwu lina, chiwongo, linadza ndi Angoni, omwe gulu lawo la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835. Kwa Angoni a ku Mzimba, komwe amalowola, ana ndi a kuchimuna, dzina ndi zonse zomwe. Apa ndaona kuti tanthauzo la mawu amenewa silingakwane ngati silinena zinthu ziwiri: umembala ukudzera mwa mayi kapena mwa bambo, komanso ndi kwa anthu ati. Popanda zimenezi, mtanthauziramawu umasandutsa mwambo wa dera limodzi kukhala lamulo la dziko lonse.

Mayina a mitundu nawo ali ndi ndale zake, ndipo zimaonekera pachikuto pomwe. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission atatulutsa dikishonale yake mu 1892, chiyankhulochi anachitcha Chimang'anja. Alexander Hetherwick atayikonzanso mu 1929, dzina linakhala Chinyanja. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula zoti chizitchedwa Chichewa, koma ku Zambia ndi ku Mozambique mpaka lero ndi Chinyanja, ndipo mtanthauziramawu womwe Centre for Language Studies inatulutsa mu 2000 unabwereranso ku dzina lomwelo. Kalembera wa mu 2018 anawerenga Achewa, Amang'anja ndi Anyanja payekhapayekha: Achewa oposa 34 pa anthu 100 alionse, Amang'anja atatu, Anyanja pafupifupi awiri. Onsewa makolo awo ndi Amaravi. Nanga pa liwu loti Mmang'anja tilembepo chiyani? Ena m'kalasi analemba kuti ndi nthambi ya Achewa. Kanenereni zimenezo anthu a kwa Lundu ku Chikwawa mukaone ngati akakupatseni mpando. Ine ndangolemba komwe amakhala, m'chigwa cha Shire, dzina lomwe amadzitchula okha, ndi zoti anachokera kwa Amaravi limodzi ndi Achewa ndi Anyanja, osaika wina pansi pa mnzake.

Pa mbumba mizere iwiri yandichepera, ndapereka itatu. Loyamba: kwa Achewa, Ayao ndi ena otsata kuchikazi, alongo a mwamuna pamodzi ndi ana awo, omwe iye amawayang'anira ngati nkhoswe. Lachiwiri: mkazi ndi ana a munthu, makamaka m'kayankhulidwe ka m'tauni. Lachitatu, lolembedwa kuti ndi la mbiri: amayi ovinira Kamuzu Banda pa nthawi ya chipani chimodzi. Aphunzitsi andibwezera pepalalo atalembapo funso m'mphepete, lakuti ndi umboni uti wandichititsa kuika tanthauzo lakumudzi patsogolo pa la m'tauni. Sabata yamawa tiyamba kusonkhanitsa ziganizo za m'nyuzipepala ndi pa wailesi kuti tiwerenge lomwe likumveka kawirikawiri.