Zikomo kwa amene anandithandiza pa Mtenguleni

Lachiwiri lapitali ndinali kuchokera ku Katete pa njinga yamoto, nditamanga matumba awiri a nshawa kumbuyo, kupita ku msika wa Kapata ku Chipata. Nditafika pa Mtenguleni ndinamva fungo la petulo, ndipo buluku langa linali litanyowa kubondo lakumanzere. Nditaima ndinaona petulo akudontha pansi pa thanki, pomwe pali kampopi, akugwera pa injini yotentha. Mtima unangoti phwii.

Bambo wina wokonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo wa mango anasiya ntchito yake nkundiuza kuti ndizimitse injini, tiikankhire kutali ndi mbaula ya amayi ogulitsa chimanga chowotcha. Amayiwo anabwereka zigubu ziwiri, tinakhuthuliramo petulo yense. Atamasula mabauti awiri a kampopi, bamboyo anandionetsa kalabala kotsekera pamenepo: kanali kataphwatalala, kouma ngati chikopa, kong'ambika mbali imodzi. Ine ndinati tidule chubu chakale tiikepo. Anakana, nati labala ya chubu imafufuma ikakhala m'petulo, mawa lomwe kudontha kuyambiranso. Anatuma mnyamata wake ku Chipata pa minibasi kukagula kenikeni, iye nkumapala dzimbiri pakamwa pa thanki modekha.

Bambo, ndalama ya ntchito munaikana, munangolandira ya kalabala ndi ya minibasi. Amayi, chimanga chija munandipatsa ndili kudikira sindinachiiwale. Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Thanki sinadonthenso mpaka lero.