Ng'ona ya ku Louisiana ndi nkhani ya shotgun yotchipa

Kuno ku Louisiana, ku America, sungangodzuka n'kukaombera ng'ona, zonse zimayendera ma tag a boma, tizizindikiro tokhoma pa ng'ona iliyonse yophedwa. Ng'ona zake, zija amati alligator, zinatsala pang'ono kutheratu mpaka ulenje unatsekedwa mu 1962, n'kudzatsegulidwanso mu 1972 kudera la Cameron Parish kokha, ndiye a LDWF, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, safuna zibwana mpaka lero.

Ma tag amapereka malingana ndi malo a dambo omwe munthu ali nawo kapena waloledwa kusakamo. Ine dambo ndilibe, nde njira yanga inali laisensi ya sport hunter, yomwe imafuna uyende ndi mlenje wovomerezeka wa ma tag ake. Ndinayamba ndi kosi ya hunter education, yophunzitsa kusaka mosamala, poti aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Seputembala 1969 amafunika kuichita. Nyengo yosaka ng'ona kuchigawo cha kum'mawa imayamba Lachitatu lomaliza la Ogasiti, cha kumadzulo Lachitatu loyamba la Seputembala.

Kutchera kwake n'kosavuta koma kununkha eeh. Mbedza yaikulu, chingwe cholimba chomangirira pamtengo, ntchafu ya nkhuku yoti yayamba kuvunda ikulendewera pamwamba pa madzi, ndipo mkulu amene ndimayenda naye amaikweza dala kuti tating'ono tisaifikire. M'mawa mwake timayendera zingwe, usiku saloleza. Ukapeza chingwe chakungika chalowa pansi mtima umagunda, umakoka pang'onopang'ono ndi magolovesi, osachikulunga kudzanja olo pang'ono chifukwa ng'onayo ikayamba kugubuduka mupita nonse. Mutu utangotulukira pambali pa boti ndinaloza kuseri kwa chigaza, pakamalo kakang'ono ngati kobiri, ndi ka mfuti ka .22 kokha. Tag timaikhoma kumchira pompo, kenako ayezi msanga, dzuwa la kuno siliyembekeza munthu.

Shotgun, mfuti ija yomwaza tizipolopolo tambiri, pa ng'ona? Ayi, lamulo la kuno limakana. Yanga ndinagulira abakha a teal omwe amadutsa m'madambo omwewa mu Seputembala. Kusitolo ndinalemba fomu 4473 yogulira mfuti, anandifufuza mbiri, poti ndili ndi green card, chiphaso chokhalira ku America, sizinavute.

Posankha shotgun ndi pomwe anthu amatayira ndalama. Madambo a kugombe madzi ake ndi osakanikirana ndi mchere, chitsulo chimagwira dzimbiri usiku umodzi wokha ukachisiya m'chikwama chonyowa. Zilipo mfuti zopangidwira kunyanja ngati Remington 870 Marine Magnum yokutidwa ndi nickel, koma mtengo wakwera komanso mpope wake ndi waufupi, wa abakha suyenera, kuphatikiza apo imanyezimira mbalame zimaonera patali. Ine ndinatenga Maverick 88 ya Mossberg, ya saizi ya 12 gauge, yokoka ndi dzanja ija amati pampu, thunthu la pulasitiki losafufuma ndi madzi. Siyokongola ayi, koma ikagwera m'matope a m'boti sindidandaula, ndipo pampu siikakamira chisawawa ngati zina zodzikoka zokha mchenga ukalowa.

Pa abakha mumafunika plug, kotsekera m'mfuti kuti musalowe zipolopolo zoposa 3, zipolopolo zake zisakhale za mtovu poti zinaletsedwa mu 1991, komanso Duck Stamp, sitampu ya boma yosakira abakha, ikhale m'thumba. Ndikafika kunyumba ndimamasula mpope, kupukuta ndi nsanza ya madzi abwino kuti mchere uchoke, kuumitsa, kupaka mafuta paliponse mpaka tizitsulo tam'kati, chikwama ndimayanika pachokha panja.