Ulendo wa ku Palamenti uja, mmene zinayendera

A Tcheya akhala akundiimbira foni sabata yonse kuti lipoti lili kuti, ndiye nali, ndipo inu amene munatsala musadzanenenso kuti tinakubisirani.

Tinapangana kunyamuka pa Ntcheu boma 5 koloko m'mawa koma tinachoka cha m'ma 7 chifukwa cha bambo ena amene sindiwatchula, nonse mukuwadziwa, anabwerera kunyumba kukatenga tayi atamva kuti kumeneko salowa chivalevale. Tayi yake ija ya pa ukwati wawo ija! Pa Lizulu amayi anati tiime kaye agule kachewere, a Tcheya anakanitsitsa ati tikupita ku Nyumba ya Malamulo osati kumsika, pobwerera iwo omwewo ndi amene anakweza matumba awiri.

Vuto lenileni linatipeza titangodutsa pa Linthipe, teyala lakumbuyo linangoti phuu, kutsitsa sipeya nayenso mpweya mulibe. Dalaivala anati pakufunika ndalama akamatitse, apa ndi pamene a Tireja anakumbatira chikwama ngati khanda ati popanda lisiti sipatuluka olo tambala, a Tcheya akuti mayi tulutsani tidzalemba kunyumba, iwo ayi, ndalama ndi ya gulu siyanu, adzandifunsa ndine pa msonkhano. Tinakhala m'mbali mwa msewu ola lathunthu mpaka mnyamata womata mateyala analemba lisiti pa chikatoni cha sopo ndi kusaina. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo ndi a Odita Jenerale ndipo akuvomera.

Podikirapo tinatsegula kula bokosi kuti tidye mpunga ndi nkhuku ziwiri zalokolo zimene anakonza amayi a Sekilitale (zikomo mayi, supu uja sitidzamuiwala), koma nthutumba zonse ziwiri kulibe. A Gulupu amene mwamwambo ndiye eni ake a nthutumba sanayankhule, anangoyang'ana m'poto kenako kuyang'ana ife mmodzimmodzi. Ena anati mwina nkhukuzo zinabadwa zopanda, ena analoza anyamata okhala kumbuyo komwe kunali bokosilo, anyamata anati fungo lokha tinalimva. Pompo panasankhidwa komiti ya anthu atatu yofufuza.

Tinafika ku City Centre masana. Nyumba ija pa TV imaoneka yaing'ono, kuiona pamaso ndi chinthu china, anamanga ndi thandizo la dziko la China ndipo inatsegulidwa mu 2010, kale aphungu ankakumana ku Zomba kenako ku State House ya ku Lilongwe. Amene anatilandira anatifotokozera bwino ndithu kuti aphungu pano alipo 229 pomwe kale anali 193, kuti bilu imawerengedwa katatu isanapite kwa Pulezidenti kukasainidwa, kuti boma silingagwiritse ntchito ndalama popanda aphungu kuvomereza bajeti, komanso kuti ntchito yambiri imachitikira m'makomiti, monga ya Public Accounts imene imaitanitsa akuluakulu a m'maunduna kudzayankha pa malipoti a Odita Jenerale weniweniyo, wapampando wa komitiyo amachokera kotsutsa. Zonse ndinalemba mu hadikava, ofuna abwereke.

Koma chimene chinandikhala pamtima ine ndi funso la Agogo athu. Anaimika dzanja ngati ali sitandade 1 ati mwananga, phungu tikamusankha ndiye wasowa, ngakhale pa maliro osaoneka, tingamuchotse bwanji zaka zisanu zisanathe? A Hedi opuma aja ndi amene anayankha, ati malamulo aakulu a dziko a 1994 anali ndi gawo 64 lopatsa anthu mphamvu imeneyo koma aphungu eni akewo analichotsa mu 1995. Agogo anangoti ooh, ndiye galu anadzimasula yekha chingwe. Tinaseka koma kunena zoona sizoseketsa.

M'minibasi pobwerera nkhani inali yomweyo mpaka ku Dedza. A Hedi anati aphunguwo tisawanyoze onse, mano ali nawo akafuna, anatikumbutsa 2002 pamene bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a Pulezidenti inalephera ndi mavoti atatu okha, ndi 2017 pamene anasintha malamulo kuti ukwati uziyambira zaka 18, nkhani imene gulu lathu linkayendera midzi kale. A Tayi (eya dzinalo lawakhala) anati nanga Cashgate ya 2013, kuba kuja pamene ndalama za boma zinkatuluka ku Capital Hill pafupi pomwepo iwo ali kuti, nanga nthawi ya Bingu pamene bajeti inachedwa miyezi akukokana za Section 65, gawo lija lokhudza aphungu osintha chipani, ovutika anali ndani? Ine maganizo anga, amalimba mtima nkhani ikakhala yokhudza mipando ndi zipani zawo, ikakhala ya mankhwala ku chipatala chathu amafunsa funso nduna nkuyankha kuti boma likuganizira basi yatha. Chinanso zonse zimakambidwa m'Chingerezi, munthu sangakhale phungu osachidziwa, ndiye Agogo amene amaima pa mzere kuvota chisankho chilichonse sangamve zimene akuwanenera pa wailesi pokhapokha mdzukulu awamasulire.

Zikomo a Gulupu potiperekeza, a Odita Jenerale pobweza chenji cha gulu chonse ndi chikatoni chomwe, anyamata pokankha, ndi dalaivala amene anatipirira nyimbo zathu. Amene simunamalize kusonkha ya thiransipoti mukudzidziwa. Komiti ya nthutumba yakumana kawiri, lipoti silinatuluke, ati akufuna alawansi kaye, ndipo wapampando wake ndi mmodzi mwa amene anakhala kumbuyo. A Gulupu ati Loweruka pa msonkhano abwera.