Mmene ndinakhomera kavidiyo kondilondola ndikamawerenga nkhani

Pali tsamba lina la nkhani limene ndimalikonda, koma kwa miyezi ingapo linkandisowetsa mtendere. Ukatsegula nkhani, pamwamba pamakhala vidiyo. Ukangotsika pang'ono kuti uyambe kuwerenga, vidiyo ija imafota n'kudumphira pakona ya m'munsi, n'kumakulondola ngati ntchentche pachilonda. Kamtanda kotsekera n'kakang'ono ngati nsabwe. Ukakaphonya ndiye kuti wadina malonda.

Poyamba ndinathamangira ku pop-up blocker, koma ndinapeza kuti ndi yoyatsa kale. Zinanditengera nthawi kuti ndizindikire chifukwa chake sinkathandiza. Iyo imaletsa mawindo atsopano kutseguka, pomwe kavidiyo aka si windo ayi. Ndi chiwalo cha tsamba lomwelo. Ukatsika, JavaScript (kapulogalamu koyendetsa tsambalo) imaona kuti vidiyo yachoka m'maso mwako, ndiye imaipatsa lamulo la CSS (malamulo a kaonekedwe ka tsamba) lotchedwa position: fixed, limene limaimata pa sikirini kuti isasunthe ngakhale mawu akuyenda. Eni masamba sachita izi mwangozi. Malinga ndi muyezo umene bungwe la Media Rating Council linakhazikitsa mu 2014, malonda a vidiyo amawerengedwa kuti aonedwa ngati theka lake lakhala poonekera kwa masekondi 2 otsatizana. Vidiyo yotsala pamwamba siibweretsa ndalama.

Ndinayamba ndi kuletsa kuti mavidiyo asamadziyambire okha. Ine ndimagwiritsa ntchito Firefox, ndiye ndinalowa mu Settings, kenako Privacy & Security, n'kutsika mpaka pa Permissions pamene pali Autoplay. Panali posankhidwa Block Audio, kutanthauza kuti vidiyo yopanda mawu imaloledwabe kusewera. Ndinasintha n'kuika Block Audio and Video, chinthu chimene chinabwera ndi Firefox 69 mu 2019. Pa ma browser ena, a Safari ali ndi Never Auto-Play pansi pa Websites, a Edge ali ndi Media autoplay. Chrome kuyambira 2018 imaletsa mavidiyo ambiri a phokoso, koma osalankhula imawalola.

Ndinabwerera kutsamba kuja ndili ndi chimwemwe. Vidiyo inali zii, yosayenda. Nditatsika, ndinangoona kabokosi kaja katafika kale pakona, kali duu, kataphimba mawu monga kale. Ndinali nditatseka pakamwa pake koma miyendo ndinaisiya.

Apa m'pamene ndinaika uBlock Origin, ya Raymond Hill, pulogalamu yotsekera malonda imene imaikidwa mu browser. Onetsetsani dzina lonse, chifukwa pali zina za mayina ofanana nayo. Mu dashboard yake, pa Filter lists, muli gulu la Annoyances limene silikhala loyatsa mukangoiika kumene. Ndinachonga mindandanda ya mmenemo n'kudina Apply changes. Pamasamba ambiri nkhani inathera pomwepo.

Koma tsamba langa lija linakana. Mu uBlock muli zida ziwiri zofanana nkhope zimene zinandisokoneza. Cha chizindikiro cha mphezi, element zapper, chimachotsa chinthu kwa kanthawi chabe. Ukatsegulanso tsamba chabwerera. Ndinachita kukaombera kavidiyoko kangapo ndisanazindikire zimenezi, manyazi ake. Chenicheni ndi element picker, chimene umathanso kuchipeza podina kumanja kwa mausi n'kusankha Block element. Umaloza chinthucho, chimaoneka chofiirira, m'munsi n'kutuluka kabokosi kokhala ndi Preview ndi Create.

Ulendo woyamba ndinaloza vidiyo yeniyeniyo. Inachoka, koma chimango chake chakuda chinatsala n'kumandilondolabe. Ulendo wachiwiri ndinakulitsa kwambiri, ndipo vidiyo ya pamwamba nayo inasowa, pamodzi ndi chithunzi cha nkhani. Preview ilipo chifukwa cha zoterezi, ine ndinkangoidumpha. Ndinapita pa My filters, pamene uBlock imasunga malamulo amene wapanga, n'kufufuta mizere iwiri imene ndinapanga ija. China chimene ndinaphunzira n'choti dzina la chinthu likakhala la zilembo ndi manambala osakanikirana opanda tanthauzo, musalidalire. Mayina otere amasintha, mawa lamulo lanu lidzakhala likusaka chinthu chimene kulibe.

Kenako ndinadzifunsa kuti kodi ndikufunadi kupha vidiyoyo? Ayi. Nthawi zina ndimafuna kuionera. Chimene sindifuna n'kulondoledwa. Ndiye ndinatsika mpaka kavidiyo katadumphira pakona, ndinadina kumanja n'kusankha Inspect, imene imaonetsa mizere ya code ya tsambalo, n'kuyamba kukwera mizereyo pang'onopang'ono mpaka ndinapeza bokosi limene linali ndi position: fixed. Dzina lake linali ndi mawu akuti floating. Pamasamba ena mupeza sticky kapena docked. Pa My filters ndinalemba mzere wa mtundu uwu:

example.com##.floating-player:style(position: static !important)

Kutsogolo mumaika adiresi ya tsambalo, pambuyo pa ## dzina limene mwapeza. Mzerewu subisa kanthu, umangouza bokosilo kuti likhale pamalo pake. Ndinatsegulanso tsamba, ndinatsika mpaka kumapeto kwa nkhani, pakona panali mbee. Nditakwera ndinaipeza vidiyo ili pamwamba, ikudikira kuti ndiidine ndekha.

Musachotse lamulo la Autoplay lija poganiza kuti uBlock yamaliza zonse. Kubisa kapena kukhoma vidiyo sikuiletsa kusewera, ndipo ikamasewera data ndi batire zikupita.

Pa kompyuta ina imene ndimagwiritsa ntchito Chrome sindinathe kutsata njira yomweyi, chifukwa kuyambira 2024 Chrome inayamba kutseka mapulogalamu oonjezera otere amene satsata malamulo ake atsopano a Manifest V3, ndipo uBlock Origin yathunthu siigwiranso kumeneko. Ilipo uBlock Origin Lite, yochepa mphamvu. Kumeneko ndinangolowa mu Site settings n'kutseka JavaScript ya tsamba lokhalo. Kavidiyo kanatha, koma zithunzi zina nazo zinaleka kutseguka, ndiye ndi njira yowawa.

Pafoni ndinalibe mtima wofufuza mizere ndi chala. Firefox ya Android imalola uBlock Origin, ndiye ndinaiika, ndinayatsa Annoyances, n'kukopera mzere wanga uja. Tsamba likakhala lachilendo ndipo kavidiyo katulukira, ndimangodina kachizindikiro ka Reader View pafupi ndi adiresi, n'kutsala mawu ndi zithunzi zokha. Pa kompyuta ya Windows batani lake ndi F9.