Sabata ya 11 ndikumenya mphepo: bondo lachira, mkangano wa mavidiyo sunathe

Lero Loweruka ndayamba ndi kudziyeza, ndi tepi yomweyi imene ndimayezera makasitomala. Chiuno chili pa 97 cm. Pamene ndinkayamba mu Julaye, kuzizira kuja kwa Harare kukuluma zala, chinali pa 103. Sikelo ndilibe, ndipo ya ku famase ndinasiya kukwerapo chifukwa imangondiwonongera tsiku. Telala amakhulupirira tepi. Siketi ya chitenje imene ndinasokera ukwati wa pachibale mu 2022 yayambanso kutseka zipi ndisanakoke mimba.

Sabata ino masewera anga olimbitsa thupi, oponya nkhonya ndi mateche mumphepo motsatira mavidiyo a pa foni, ndachita masiku anayi. Lolemba mphindi 30, Lachitatu 35, Lachinayi 20 zokha chifukwa magetsi anazima foni ili pa 9%, ndipo lero 45 kwa alamu anga ku Tafara. Zonse pamodzi 130. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewera apakatikati, kapena 75 za amphamvu kwambiri. Mmene ndimapumira wefuwefu muja, ndikudziwerengera ku mbali ya amphamvu, ndipo wina asanditsutse.

Kwa amene mwangoyamba kuwerenga zolemba zangazi, ndimakhala ku Mabvuku m'zipinda ziwiri za lendi. Ndikakankhira tebulo kukhoma pamatsala malo oti ndiponde katatu kutsogolo ndi kawiri m'mbali, basi. Pansi ndi simenti ya polishi wofiira. Foni ndimaiimika pa mashini osokera, kuitsamiritsa ku chitini cha mabatani. Ndinayamba chifukwa msana unkawawa ndi kukhala tsiku lonse ndikupalasa mashini, ndipo kuthamanga pamsewu m'bandakucha ndekha sindinkafuna.

Nkhani yabwino ndi ya bondo. Mukukumbukira kuti kuyambira sabata ya 4 mpaka ya 6 ndinkadandaula kuti bondo la kumanzere likulasa mkati ndikamatsika m'kombi. Tsopano papita masabata atatu lili zii. Chimene chinalichiritsa si mafuta opaka ayi, ndi mawu a mwana wa achimwene anga, mnyamata wobadwira konkuno amene amapita kukaphunzira nkhonya madzulo. Amanditchula kuti tete monga ana a kuno, ngakhale bambo ake amalimbikira kuti azinena azakhali. Anandipeza ndikumenya roundhouse, theche lija lobwera chammbali, ndikutsatira vidiyo ya mtsikana wina wa nyimbo zokoma kwambiri. Anayang'ana pansi, osati mwendo umene ndinkaponya. "Tete, phazi mwapondalo lizizungulira. Pondani ndi kutsogolo kwa phazi, chidendene chidzuke, mutembenuke ngati mukutikita mphemvu."

Ndinabwerera ku vidiyoyo usiku womwewo kukaona ngati mtsikanayo ananenapo zimenezi. Mwina ananena mu vidiyo ina, koma mu imeneyi kamera inkaonetsa kuyambira m'mabondo kupita kumwamba, mapazi osaoneka. Ine ndinkaponya mwendo, chiuno chikutembenuka, phazi lapansi litakakamira pa simenti ndi nsapato zothamangira za mphira wokhuthala zimene ndinagula pa kaunjika ku Mupedzanhamo. Kupotokola konseko kunkathera m'bondo. Tsiku lomwelo mnyamata uja anandikonzanso chigongono: nkhonya ukuponyera mphepo usamawongole mkono mpaka kutheratu, uzibweza chibakera usanamve kuti khe, chifukwa palibe chimene chikulandira mphamvuyo koma mfundo zako zomwe.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kaonedwe ka mavidiyo, ndipo ndi pamene panayambira mkangano ndi alamu.

Alamu anga ndi a Tae Bo, masewera olimbitsa thupi a nkhonya ndi mateche, ndipo sadzasintha mpaka kale. Anaiona koyamba pa DVD m'nyumba ina imene ankagwirako ntchito ku Borrowdale zaka zapitazo, madamu a panyumbapo akudumpha pabalaza, iwo akusita zovala uku akuba ndi maso. Mwini wake ndi Billy Blanks, Mmereka wa karate, ndipo dzinalo analumikiza taekwondo ndi boxing. Matepi ake anafala dziko lonse kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri a ife amene timamenya nkhonya pabalaza tinadzera mwa iye ngakhale osadziwa. Alamu amamukonda chifukwa ndi bambo wachikulire wakuda amene amakulankhula ngati akukuona, amawerenga mpaka 8 n'kuyambiranso, chinthu chimodzi mbali ino kenako mbali inayo, mpaka thupi litachigwira. Mawu awo ndi amodzi: "Mlamu, thukuta ndiye umboni. Malaya akapanda kunyowa, mwangovina."

Pa kubwereza ndimagwirizana nawo. Hook, nkhonya yobwera chammbali mkono utapindika, ndinaiphunzira kumeneko, chifukwa ukaiponya ka 8, ka 8, ka 8, mapewa amayamba kumva okha kumene chigongono chiyenera kukhala. Pamene timasiyana ndi pamene liwiro lawirikiza. Iwo amakuwa ndi chimwemwe, ine manja anga amasanduka a munthu woingitsa ntchentche pa usipa. Nkhonya sizikhalanso nkhonya, mapazi amaiwala kuzungulira, ndipo ndimadziwa kuti ndikaumirira bondo lidzandikumbutsa m'kombi mawa. Ndiye ndimapitiriza pa liwiro loyamba lija, alamu akuponya ziwiri ine imodzi. Amati ndikuzemba. Koma lero titamaliza malaya anga analinso chonyowa, ndinawaonetsa.

Mwana wawo wamkazi, amene ali ku koleji, amatiseka tonse awiri. Iye ndi wa BodyCombat, ya kampani ya Les Mills ya ku New Zealand, imene nkhonya ndi mateche zimagwera pa kugunda kwa nyimbo, zosakaniza karate, taekwondo, boxing ndi muay thai ya ku Thailand ija ya mabondo ndi zigongono. Kunena zoona ndi yokongola. Ukamaonera umafuna kudzuka. Ndinayesa kachigawo kamene anandipatsa pa foni, ndipo pasanathe mphindi zisanu ndinali nditamenya wadilopu ndi chidendene, amayi a nyumba akugogoda kufunsa ngati kwagwa munthu. Imafuna bwalo, ndipo aphunzitsi ake amasintha kaphatikizidwe ka nkhonya msanga, ngati akulankhula ndi anthu amene anazolowera kale. Kwa mtsikana wa zaka 21 wa pakhonde lalikulu ndi yabwino. Ine ndidzabwererako ndikadzasamuka.

Amene anandiseketsa kwambiri, n'kundiganizitsanso, ndi agogo ena oyandikana nafe, a ku Mangochi, amene anabwera kuno dziko lino likadali Rhodesia n'kugwira ntchito ku fakitale ya simenti mpaka kupuma. Anandiona pa windo tsiku lina ndikuponya uppercut, nkhonya yochokera pansi kupita m'mwamba. Madzulo ndikutunga madzi pa mjigo anandiitana. "Mwana wanga, amene mukumumenyayo walakwanji? Mphepotu sibwezera." Iwo anaonera nkhonya zenizeni, za Proud Chinembiri amene ankatchedwa Kilimanjaro, katswiri wa Africa wa gulu la olemera kwambiri (heavyweight) m'zaka za m'ma 1980, ndi Langton Tinago, Schoolboy uja wa malamba a Commonwealth. Akayamba kufotokoza za anthu amenewa ndowa imadzaza n'kusefukira. Kwa iwo mavidiyo athuwa ndi gule basi.

Sindinawatsutse, chifukwa pa mbali ina akunena zoona, ndipo ndikufuna azimayi anzanga amene mumandilembera kuti mukufuna kuphunzira kudziteteza mumve bwino. Masabata 11 a vidiyo sanandiphunzitse kulandira chibakera, kuyeza mtunda wa munthu, kapena kuzinda. Mnyamata wa achimwene uja akangoyerekeza kundigwira pamphumi ndi chala amandipeza nthawi zonse, chifukwa ndikaponya dzanja lamanja, lamanzere limatsikira pamimba. Chimene ndapeza ndi mpweya, miyendo yolimba ndi msana wosawawa. Ndowa ya malita 20 ndikufika nayo kunyumba osatula panjira, pamene kale ndinkapumira pa geti la agogo omwewo. Zimenezo zandikwanira. Wofuna kumenyana ndi munthu apite kumene kuli mphunzitsi ndi magolovesi.

Koma agogowo ndinawabwezera pang'ono. Ndinawakumbutsa za Anisha Basheel wa kwathu ku Malawi amene anakatenga lamba wa Commonwealth ku London mu 2018, ndi Kudakwashe Chiwandire wa konkuno amene anagonjetsa Catherine Phiri ku Lusaka mu 2022. Anagwedeza mutu n'kunena kuti amenewo ndi enieni, koma inu pitirizani ndi mphepo yanu.

Pali mayi wina wa ku tchalitchi kwathu ku CCAP, wamkulu kwa ine ndi zaka khumi, amene ali ndi BP ndi shuga. Ku kiliniki anamuuza kuti ayambe pang'onopang'ono, ndiye iye amasankha mavidiyo opanda kudumpha, phazi limodzi lili pansi nthawi zonse. Amachita atavala chitenje, moti theche lake silipitirira pa katumba. Poyamba tinkamuseka. Pano ndaona kuti pa tonsefe ndi iye yekha amene sanavulalepo kalikonse, ndipo sanadumphitse sabata ngakhale imodzi. Muyezo wake ndi woti akamachita azitha kuyankha mdzukulu wake akamufunsa kanthu. Akalephera kutulutsa mawu, amachepetsa. Theche langa lakutsogolo nanenso ndalitsitsa, likufika pa bondo la mdani wanga wosaonekayo, ndipo ndikutha kulibweza n'kuponda bwinobwino m'malo mogwera kutsogolo.

Ine pano vidiyo ndimaiweruza ndisanatuluke n'komwe thukuta. Ndimaithamangitsa kaye ndi chala kuona ngati mapazi a mphunzitsi akuoneka. Akapanda kuoneka ndimafufuta, kaya nyimbo ikome bwanji. Kenako ndimamvetsera ngati amanena chimene chikubwera chisanafike. Mphunzitsi wabwino amati zatsala zinayi kenako tiwonjezera bondo, ndipo iwe umakonzeka. Wina amangosintha, iwe n'kutsala ukuponya jab, nkhonya yowongoka ya dzanja lakutsogolo, anzako ali pa theche. Palinso nkhani ya kumanja ndi kumanzere imene inandizunguza masabata awiri oyamba: ena akayang'anizana ndi kamera amachita ngati galasi, akati kumanja iwo amaponya lamanzere kuti iwe ungotsatira, pamene ena amanena dzanja lawo lenileni. Onse ndi abwino, koma amene amasakaniza ziwirizi mu vidiyo imodzi amandipangitsa kuima pakati pa chipinda ngati nkhuku yonyowa.

Amene ndayamba kuwakonda, modabwitsa, ndi osakongola konse. Ndi aja a maraundi, amene mnyamata uja anandiponyera pa WhatsApp: mphindi zitatu kumenya, imodzi kupuma, monga mu nkhonya za amuna (azimayi nthawi zambiri amamenya maraundi a mphindi ziwiri, ndipo tsiku lotopa ndimadzikumbutsa kuti ndine mzimayi). Nyimbo mulibe kapena ili pansipansi. Mphunzitsi amangotchula manambala, 1 ndi jab, 2 ndi cross, yowongoka ya dzanja lakumbuyo, 3 ndi hook ya dzanja lakutsogolo, ndipo pakona pali wotchi ikuwerenga chobwerera. Liwiro ndi lako. Alamu anayesa raundi imodzi n'kunena kuti zili ngati maliro opanda kwaya. Kwa ine ubwino wake ndi woti ndikagwira manambalawo sindifunikanso kuyang'ana foni, moti Lachinayi lija itazima ndikanatha kupitiriza ndi wotchi ya pakhoma, kungoti ulesi unapezerapo mwayi.

Za bandulo mumafunsa kawirikawiri. Sindionera pa intaneti mwachindunji. Ndimatsitsa usiku pa 360p, imene pa foni yaing'ono imaoneka bwinobwino, ndipo ya mphindi 30 imene ndatsitsa dzana inadya 110 MB. Loweruka tikakumana ku Tafara timagawana pa foni popanda data. Ndili ndi mavidiyo 7 tsopano, ndipo ndimagwiritsa ntchito atatu.

Kutentha kwayamba, majakaranda a m'tauni ayamba kuchita maluwa, ndipo pofika Okutobala chipinda changa masana chidzakhala uvuni. Sabata ya 12 ndisamukira ku 5 koloko m'mawa, masiku anayi omwewo, koma ndikufuna maraundi 6 osaima pakati. Pano ndimafika 4, wachisanu manja amakhala atagwa.

Ndayambanso kusoka thumba lomenya. Ndadula kanivasi wa tenti yakale, 90 cm kutalika, misoko iwiriiwiri ndi ulusi wa nayiloni. Mkati ndiikamo zidutswa za nsalu zimene zadzaza matumba awiri kuseri kwa chitseko, osati mchenga, chifukwa mnyamata uja akuti mchenga umatsikira pansi n'kulimba ngati mwala, dzanja n'kupweteka. Mabandeji a m'manja andibwereka. Chatsala ndi kupempha amayi a nyumba kuti ndilipachike pa mtengo wa mapeyala kuseri, ndipo ndaganiza zowasokera kaye apuloni ndisanatsegule pakamwa. Agogo a ku Mangochi amva kale, akuti tsiku lolipachika ndiwaitane abwere ndi mpando wawo.