Zimene ndimachita miyendo ikawotcha ndi kuphwanya ndikathamanga

Ululu wa othamanga uli pawiri, ndipo ndisanayambe kudzithandiza ndimayamba ndazindikira kuti wandipeza ndi uti. Woyamba ndi kuwotcha kumene kumabwera liwiro lili mkati, pokwera chitunda kapena polimbirana malo chakumapeto kwa mpikisano. Nthawi imeneyo minofu imakhala ikuphwanya shuga mwachangu kuti ipeze mphamvu, ndiye asidi amachuluka m'kati mwake. Apa sipafunika mankhwala. Ndimayamba kuponda pafupipafupi, n'kutsitsa liwiro mpaka nditayamba kulankhula osawefuka, ndipo pa mphindi zochepa motowo umazirala. Asidi ameneyu, lactic acid amene amanenedwanenedwa uja, sagona m'minofu, pakatha pafupifupi ola limodzi amakhala atabwerera pa mlingo wake. Choncho kuphwanya kwa m'mawa mwake, kumene ndi ululu wachiwiri, sikuchokera kwa iye. Kumachokera ku timinofu tosaoneka ndi maso timene tang'ambika, komanso kutupa kumene kumabwera thupi likamakonza malowo. Katswiri wa ku America, Theodore Hough, analemba kale zimenezi mu 1902. Kuphwanyako kumayamba pakatha maola 12 mpaka 24, kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, ndipo kumakula kwambiri ndikathamanga malo otsetsereka, chifukwa pamenepo ntchafu ndi zimene zimagwira mabuleki a thupi lonse.

Ndikangomaliza, thupi limafuna kudzigwetsa pansi koma ndimalikaniza. Ndimayenda pang'onopang'ono mphindi 10, mpaka mtima utakhazikika. Akatumba amathandiza kukankhira magazi kubwerera ku mtima, ndiye munthu akaima mwadzidzidzi magazi amaunjikana m'miyendo, ndipo ndi pamene ena amachita chizungulire mpaka kukomoka.

Kenako madzi. Tsiku la mtunda wautali ndimakwera pa sikelo ndisananyamuke, ndipo ndimakweranso pobwera nditavula zonyowa. Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta, ndipo ndimabwezera lita imodzi ndi theka, pakuti ena amatuluka ndi mkodzo. Sindigugudiza onse nthawi imodzi, ndimamwa pang'onopang'ono kwa maola angapo. Ndimayang'ananso chipewa ndi malaya. Thukuta likauma n'kusiya mizere yoyera, kumaso kukumveka timchenga ndikasisita ndi chala, ndimadziwa kuti mchere watayika wambiri. Pamenepo ndimasungunula masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo, muyezo womwe uja azaumoyo amaphunzitsa pobwezera madzi m'thupi. Madzi okhaokha akamwedwa mopitirira muyezo amachepetsa mchere wa m'magazi, ndipo zimenezi zaphapo anthu m'mipikisano ya marathon. Mkodzo ukayamba kutuluka wachikasu pang'ono chabe, wosada, ndimadziwa kuti madzi akwana.

Chakudya sindichichedwetsa, ngakhale njala isakumveka. Minofu imasunga shuga wake amene amatha pothamanga, ndipo maola oyambirira ndi pamene imamubwezera mofulumira. Muyezo wake ndi pafupifupi galamu imodzi ya zakudya zopatsa mphamvu pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kotero munthu wolemera makilogalamu 60 nthochi ziwiri ndi buledi pang'ono zimamuyambira bwino. Zomanga thupi zimafunika magalamu 20 mpaka 25. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi magalamu 6, kapu ya mkaka pafupifupi 8, ndiye mazira awiri ndi kapu ya mkaka zimakwanira. Kutopa kumene kumakakamira mpaka tsiku lotsatira nthawi zambiri kumayambira pamenepa, pamene munthu wangomwa madzi n'kukagona ndi njala.

Madzi ozizira ndimawasungira masiku ovuta okha, monga ndikachokera ku mpikisano kapena ndikatsika malo otsetsereka ambiri. Ndimathira madzi m'bafa kapena m'beseni lalikulu, n'kuponyamo ayezi mpaka atafika pa madigiri 10 mpaka 15, ndipo ndimakhalamo mphindi 10 mpaka 15, madzi akulekeza m'chiuno, kumtunda nditavala juzi. Mphindi yoyamba ndi imene imavuta. Mpweya umabanika, zala za kumapazi zimaluma, thupi lonse limanena kuti tuluka. Ndimatulutsa mpweya pang'onopang'ono ndi pakamwa, ndipo ikamakwana mphindi yachitatu miyendo imachita dzanzi, kuzizirako n'kuyamba kupiririka. Akatswiri a Cochrane, bungwe loona za umboni wa zaumoyo, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2012 anapeza kuti njirayi imachepetsadi kuphwanya poyerekeza ndi kungokhala. Koma sindiichita tsiku lililonse, chifukwa kutupa kuja ndi mbali ya ntchito yomanga minofu, ndipo kukuziziritsa nthawi zonse kumachedwetsa kukula kwa mphamvu. Amene ali ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa dokotala asanalowe m'madzi otere.

Usiku umenewo ndimagona msanga. Maola 7 mpaka 9 a tulo amaposa china chilichonse chimene ndatchula pano, pakuti m'tulo tofa nato ndi mmene thupi limatulutsa mahomoni ambiri okonza minofu.

M'mawa mwake masitepe ndi amene amandiuza mmene zilili. Kukwera kumatheka, koma potsika ntchafu zimanjenjemera, ndipo zikafika povuta ndimatsika chafutambuyo nditagwira chitsulo cha m'mbali, chifukwa potero ntchafu sizikokedwa kwambiri. Tsikuli sindiswera pampando. Ndimayenda kapena kupalasa njinga mopepuka mphindi 20 mpaka 30, ndipo minofu ikatenthedwa ululu umachepa, ngakhale umabwereranso ndikakhala pansi. Madzulo ndimathowa ntchafu ndi akatumba ndi thaulo loviika m'madzi ofunda, kenako ndimapaka mafuta n'kutikita kuchokera ku akakolo kukwera mpaka m'ntchafu. Pamalo pamene pauma ndimagubuduzapo botolo lodzaza madzi, pang'onopang'ono, mokanikiza koma osafika poti ndikukute mano. Kutikita kumachepetsadi ululu, koma kukanikiza mnofu wovulala ndi mphamvu zonse kumangowonjezera bala.

Kudziwongola ndimakuchita mofatsa chifukwa kumamasula thupi, koma sindikudalira. Kuunika kwina kwa Cochrane kwa mu 2011 kunasonyeza kuti kudziwongola munthu asanathamange kapena atathamanga kumachepetsa kuphwanya pang'ono kwambiri moti sangazindikire kusiyana kwake. Jinja ndiye ali ndi umboni wokomerako. Pa kafukufuku wa ku yunivesite ya Georgia amene anatuluka mu 2010, anthu amene ankadya magalamu 2 a jinja tsiku lililonse anamva ululu wocheperako ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Phindu lake limabwera akamadyedwa masiku angapo motsatizana, n'chifukwa chake ndimayamba kumuthira mu tiyi mpikisano usanafike.

Mapiritsi monga ibuprofen ndimawapewa thupi likakhala lopanda madzi okwanira, pakuti amalemetsa impso ndipo amakanda m'mimba. Chimandidetsanso nkhawa ndi chakuti amabisa ululu umene ukanandichenjeza. Kuphwanya wamba kumagwira miyendo yonse iwiri, kumamwazikana mumnofu, ndipo kumatha pa masiku 5 mpaka 7. Ululu wobaya pamalo amodzi pafupa, woti ndingauloze ndi chala chimodzi, ukhoza kukhala mng'alu wa fupa. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, akutentha ndiponso kupweteka, pakhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, ndipo ameneyo sayenera kutikitidwa m'pang'ono pomwe. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, minofu itatupa ndi kufooka, ndiye kuti minofu yawonongeka kwambiri ndipo impso zili pangozi. Zitatu zimenezi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Kutopa kosatha kwa milungu ingapo nakonso kumafuna kukayezetsa magazi, chifukwa kuchepa kwa ayironi kumavutitsa othamanga ambiri, makamaka amayi.

Ndimabwerera mumsewu ndikayamba kutsika masitepe mwachibadwa ndiponso kudumpha ndi mwendo umodzi osamva kubaya. Tsiku loyamba ndimasankha malo athyathyathya, theka la mtunda umene ndinazolowera, pa liwiro loti n'kucheza ndi mnzanga. Minofu imene yaphwanyapo kamodzi n'kuchira imapirira bwino ntchito yomweyo kwa milungu ingapo, choncho ndikadziwa kuti mpikisano ukubwera uli ndi malo otsetsereka, ndimayamba kuwayeserera pang'onopang'ono kudakali milungu ingapo, ndikuwonjezera mtunda mlungu ndi mlungu.